Alonda a Nkhokwe Zosaoneka

Makompyuta asanakhale ndi madisiki, nkhani za anthu zinkasungidwa pa makadi obowola. Mu 1890 boma la America linawerenga nzika zake ndi makina a Herman Hollerith. Munthu aliyense anali ndi khadi lake, ndipo zaka zake, kobadwira kwake, kaya ali pabanja kapena ayi, zonse zinali timabowo pa khadilo. Kampani ya Hollerith inadzaphatikizana ndi ena n'kubala kampani imene mu 1924 inatchedwa IBM. Pambuyo pake kunabwera matepi a maginito, koma khalidwe silinasinthe: ukafuna dzina limene lili kumapeto kwa tepi, unkayamba wadutsa maina onse a kutsogolo. Nthawi imeneyo kunalibe database, choncho kunalibenso woiyang'anira. Kunali mafayilo basi, ofesi iliyonse ndi ake. A zamalipiro anali ndi fayilo yawo ya antchito, a zolemba anthu ntchito yawonso, moti wantchito akasamuka nyumba, keyala yake inkasinthidwa uku n'kutsala yakale uko, ndipo kampani imodzi inkadzitsutsa yokha.

Zinthu zinayamba kutembenuka mu 1956 pamene IBM inatulutsa kompyuta ya RAMAC 305. Inali ndi mbale 50 zozungulira zimene zinkasunga zilembo pafupifupi 5 miliyoni, zomwe lero chithunzi chimodzi chabwino cha pa foni chikhoza kudzaza. Kuchepako kusatinamize. Chachikulu chinali chakuti makina ankatha kulumpha n'kukatola chimene akufuna pakati penipeni, osayambira poyambirira. Funso linabadwa pomwepo: ngati tingathe kulumpha, zinthuzi tiziyala motani kuti maofesi onse azitapa m'nkhokwe imodzi?

Woyamba kuyankha mooneka anali Charles Bachman wa ku General Electric, amene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anapanga Integrated Data Store. Iye analumikiza zolembedwa ngati mikanda pa ulusi: kasitomala ankaloza oda yake yoyamba, yoyambayo inkaloza yachiwiri, mpaka ulusi kubwerera kwa mwini wake. IBM nayo, pothandiza makampani amene ankapanga zombo za mumlengalenga za Apollo kusunga mndandanda wa zipangizo zankhaninkhani, inapanga IMS, imene inayamba kugwira ntchito mu 1968 ku Downey, California. IMS inayala zinthu ngati mtundu wa anthu: kholo pamwamba, ana pansi pake, zidzukulu pansi pa ana. Njira ziwirizi zinali zachangu, ndipo zinagwira ntchito yeniyeni. Vuto lake linali limene amalidziwa aliyense amene analondoledwapo njira ya kumudzi: mukafika pa mtengo wa mango mukhotere kumanzere, mukadutsa chitsime muwerenge nyumba zitatu. Malangizo otero ndi abwino kufikira tsiku limene wina adzadule mtengowo. Wolemba mapulogalamu ankayenera kuloweza njira yonse yokafikira pa chimene akufuna, ndipo kayalidwe ka zinthu pa disiki kakasintha, mapulogalamu onse oloweza njira yakale ankasochera. Bachman sankaona cholakwika pamenepa. Polandira mphoto ya Turing mu 1973 anayerekeza wolemba mapulogalamu ndi woyendetsa ngalawa wodziwa njira za panyanja, ndipo ankanena moyamikira. M'zaka zomwezo, pamene komiti ya CODASYL inkalemba malamulo a database zamtunduwu, ndi pamene udindo wa munthu mmodzi woyang'anira kapangidwe ka nkhokwe yonse unayamba kumveka. Anzake ankangomutchula kuti DBA, ndipo dzinali lakhala mpaka lero.

Amene anaona cholakwika anali mlendo. Edgar Codd anabadwira ku Portland, kumwera kwa England, mu 1923. Anaphunzira masamu ku Oxford, anaulutsa ndege za nkhondo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kenako anawoloka nyanja kukagwira ntchito ku IBM ku New York. Mu 1953 anasamukira ku Canada, ndipo amati chinamuthamangitsa ndi kunyansidwa ndi m'mene Senator Joseph McCarthy ankasakira anthu owaganizira chikomyunizimu. Anabwereranso, anatenga digiri ya udokotala ku University of Michigan, n'kukakhazikika ku malo a kafukufuku a IBM ku San Jose. Kumeneko, mu June 1970, anasindikiza nkhani yamasamba ochepa m'magazini ya Communications of the ACM, yotchedwa A Relational Model of Data for Large Shared Data Banks.

Ganizo lake aliyense amene anagwirapo kaundula angalimve. Zonse zikhale m'matebulo, mizere yopingasa ndi yotsika. Mzere uliwonse ukhale ndi chizindikiro chake chosafanana ndi cha wina, chimene amati kiyi. Matebulo asalumikizidwe ndi ulusi wobisika, koma ndi zimene zalembedwamo. Tiyerekeze sukulu: tebulo lina lili ndi ophunzira, aliyense ndi nambala yake, lina lili ndi malipiro a fizi, ndipo pa malipiro alionse palembedwa nambala ya wophunzira. Ukafuna kudziwa amene sanalipire, sufunika kudziwa kuti matebulowo agona pati pa disiki. Ungonena chimene ukufuna, makina apeze okha njira. Codd anawonjeza lamulo la ukhondo limene ma DBA amalimbana nalo mpaka pano: mfundo imodzi ilembedwe malo amodzi. Dzina la mudzi wa wophunzira likalembedwa pa lisiti iliyonse ya fizi, tsiku lina lidzalembedwa mitundu itatu, ndipo palibe adzadziwe loona.

IBM sinathamangire ganizoli. IMS inkabweretsa ndalama, ndipo akatswiri ambiri ankati zimene akunena Codd ndi masamu okoma pa pepala amene makina sangawasenze. Mu 1974 Codd ndi Bachman anakumana pa mtsutso wapoyera ku Ann Arbor, Michigan, aliyense ndi omutsatira ake. Mtsutso sunathetse nkhani. Anaithetsa ndi magulu awiri amene anaganiza zongomanga chinthucho kuti chioneke. Ku San Jose kunali gulu la System R. Pa mtunda wosakwana ulendo wa maola awiri, ku University of California ku Berkeley, Michael Stonebraker ndi Eugene Wong anayamba Ingres.

Ku System R ndi kumene kunachokera chilankhulo chimene dziko lonse likugwiritsa ntchito. Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce anaona kuti zizindikiro za masamu za Codd zikanaopseza anthu wamba, choncho mu 1974 analemba chilankhulo chooneka ngati ziganizo za Chingerezi, n'kuchitcha SEQUEL. Boyce anamwalira mwadzidzidzi chaka chomwecho asanakwanitse zaka 30, osaona kumene ntchito yake inakafika. Dzina linafupikitsidwa kukhala SQL chifukwa SEQUEL linali kale dzina lamalonda la kampani ya ndege ya ku Britain, Hawker Siddeley. N'chifukwa chake mpaka lero ena amatchula zilembo zitatuzo chimodzichimodzi pamene ena amatchulabe dzina lakale lija, ndipo mbali zonse zimaona ngati anzawo ndiwo osadziwa.

Koma walira mvula walira matope. Wofunsa atamasulidwa ku ntchito yoloweza njira, njirayo sinathe. Wina anayenera kuidziwabe. Funso limodzi lolumikiza matebulo asanu likhoza kuyankhidwa m'njira zambirimbiri, ina yotenga kamphindi, ina yotenga usiku wonse. Mu 1979 Patricia Selinger ndi anzake a System R anafotokoza m'mene makina angasankhire okha: awerengere mtengo wa njira iliyonse potengera kukula kwa matebulo ndi milozo imene ilipo, atenge yotchipa. Milozoyo, imene amisiri amati index, yambiri imamangidwa pa B-tree, njira imene Rudolf Bayer ndi Edward McCreight anaitulukira ali ku Boeing cha m'ma 1970. Apa ndi pamene ntchito ya DBA inapeza mtima wake. Makina amasankha bwino pokhapokha ziwerengero zimene ali nazo zokhudza matebulo zili zatsopano. Tebulo limene linali ndi mizere 1,000 chaka chatha likafika mizere 10 miliyoni makina osauzidwa, adzasankha njira ya chitsiru ali ndi chikhulupiriro chonse. Index nayo si yaulere: imafulumizitsa kuwerenga koma imachedwetsa kulemba, chifukwa mzere uliwonse watsopano uyenera kulembedwanso m'milozo yonse. Kudziwa poika index ndi posaika ndi luso lophunzira ndi zipsera, ndipo ndimaona kuti ndi pamenepa pamene DBA weniweni amasiyana ndi munthu wongoloweza malamulo.

Anthu a System R anasiya nthano zawo, zambiri zinakambidwa pamene anakumananso mu 1995 n'kujambulitsa zokumbukira zawo. Yotchuka ndi iyi. Tsiku lina ankayesa lamulo lokweza ndi 10 peresenti malipiro a wantchito aliyense wolandira ndalama zosakwana $25,000. Lamulo linayenda popanda dandaulo, koma atayang'ana anapeza kuti palibenso wolandira zosakwana $25,000. Makina ankayenda motsatira mlozo wa malipiro, ndipo munthu akakwezedwa ankasunthira kutsogolo mu mlozowo, makina n'kumupezanso, n'kumukwezanso, mpaka atadutsa malire. Linali tsiku la Halloween, ndipo vutoli limatchedwa Halloween Problem mpaka lero, dzina losanena kalikonse za vutolo.

Mnzawo wina, Jim Gray, anagwira mbali imene imasowetsa tulo woyang'anira aliyense: chimachitika n'chiyani magetsi akazima ntchito ili pakati? Ndalama zachoka mu akaunti ya uyu, sizinalowe mu ya uyo, makina athima. Yankho ndi chimene amati transaction: ntchito zingapo zimangidwe mtolo umodzi, zichitike zonse kapena pasachitike ngakhale imodzi. Chimene chimatheketsa zimenezi ndi log, buku limene makina amalembamo chilichonse chimene akufuna kusintha asanachisinthe m'tebulo. Akadzuka pambuyo pa ngozi amawerenga bukulo, amamaliza mitolo imene inatsimikizidwa, n'kumasula imene inatsala panjira. Mu 1983 Theo Härder ndi Andreas Reuter a ku Germany anaika malonjezo amenewa m'zilembo zinayi, ACID. Kwa DBA log ndi chuma: ukakhala ndi backup ya usiku wathawu pamodzi ndi log yonse ya lero, ukhoza kubwezeretsa database pa mphindi imene isanalakwike. Gray analandira mphoto ya Turing mu 1998. Mu January 2007 anatuluka yekha pa boti lake ku San Francisco kukamwaza phulusa la mayi ake panyanja, ndipo sanapezekenso, iye ngakhale botilo.

Pamene IBM inkayeza ndi kuyezanso, ena anawerenga zimene akatswiri ake ankasindikiza n'kuthamanga nazo. Larry Ellison, Bob Miner ndi Ed Oates anayambitsa kampani yawo mu 1977, ndipo mu 1979 anayamba kugulitsa Oracle. Anaitcha Version 2 ngakhale kuti Version 1 sinagulitsidwepo, poti ankadziwa kuti palibe amafuna kukhala woyamba kulawa. IBM inatulutsa SQL/DS mu 1981 ndi DB2 mu 1983. Mu 1986 bungwe la ANSI linavomereza SQL kukhala muyezo, ISO inatsatira mu 1987, ndipo QUEL, chilankhulo cha Ingres chimene akatswiri ambiri ankati n'chaukhondo kuposa SQL, chinafota. Codd, amene analandira mphoto ya Turing mu 1981, sanakondwe ndi zonse zimene zinkagulitsidwa m'dzina la ganizo lake. Mu 1985 analemba malamulo oyezera database yoona, otchedwa malamulo 12 ngakhale alipo 13 poti anayamba kuwerenga pa ziro, ndipo zogulitsidwa za nthawiyo zinalephera mayesowo.

M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 u-DBA unakhala ngati mtundu pawokha, wokhala ndi miyambo yake. Anali anthu ogwira ntchito ena akagona, chifukwa kusintha kapangidwe ka tebulo lalikulu kunkafuna kuti onse atuluke kaye. Ankagawa malo pa madisiki ndi dzanja, fayilo iyi apa, log pa disiki ina kuti zisafere limodzi. Ankasintha matepi a backup n'kutumiza ena kukasungidwa ku nyumba ina poopa moto. Ankamasula deadlock, pamene ntchito ziwiri zagwirana, iyi ikudikira chimene yagwira inzake, inzakeyo ikudikiranso cha iyi, ngati galimoto ziwiri zokumana pa mlatho wopapatiza. Ndipo ankasunga makiyi. SQL ili ndi mawu awiri, GRANT ndi REVOKE, opatsa ndi kulanda chilolezo, ndipo mwini mawu amenewa ndiye ankanena amene aone malipiro a anzake ndi amene asaone. Olemba mapulogalamu ankawaona ma DBA ngati alonda ouma mtima okana chilichonse. Ma DBA ankati iwo ndiwo amaimbiridwa foni pakati pa usiku zinthu zikavuta, osati wolemba pulogalamu. Onse ankanena zoona.

Kenako kunabwera kusamuka. Database inachoka m'makompyuta akuluakulu a m'zipinda zozizira n'kulowa m'maseva ang'onoang'ono. Microsoft, mogwirizana ndi Sybase ndi Ashton-Tate, inatulutsa SQL Server mu 1989. Ku Berkeley Stonebraker anali atayamba Postgres mu 1986. Ophunzira awiri, Andrew Yu ndi Jolly Chen, anaiphunzitsa SQL, ndipo mu 1996 inakhala PostgreSQL, yosamalidwa ndi anthu odzipereka a m'maiko ambiri. Ku Sweden, Michael Widenius wa ku Finland ndi David Axmark anatulutsa MySQL mu 1995, dzina lochokera kwa mwana wamkazi wa Widenius, My. Sun Microsystems itagula MySQL mu 2008, Oracle n'kumeza Sun mu 2010, Widenius anali atapatuka kale ndi nthambi yake, MariaDB, dzina la mwana wake wina. Mu 2000 Richard Hipp analemba SQLite, database yosafuna seva ngakhale woiyang'anira, imene lero ili m'foni iliyonse ya Android ndi iPhone. Mauthenga a WhatsApp a m'foni mwanu agona m'matebulo a Codd.

Database zitakhala zaulere ndi zosavuta kuika, zinachuluka kuposa alonda. Zotsatira zake zinaoneka pa 25 January 2003, pamene kachilombo ka pa kompyuta kotchedwa Slammer, kakang'ono kwambiri, ka mabaiti 376 okha, kanalowa m'maseva a SQL Server pafupifupi 75,000 m'mphindi khumi. Ku South Korea intaneti inaima kwa maola angapo, ku America makina ambiri otulutsa ndalama a Bank of America analeka kugwira ntchito. Chigamba chotseka bowo limene kachilomboka kanalowera Microsoft inali itachitulutsa miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyomo. Panalibe wochimata. Maseva ambiri eni ake sankadziwa n'komwe kuti muli database, poti inabwera itabisala m'mapulogalamu ena. Codd anamwalira ku Florida miyezi itatu pambuyo pake, mu April 2003.

Kumapeto kwa zaka khumi zimenezo kunamveka mphekesera ya maliro a matebulo. Google ndi Amazon, atakula moti seva imodzi sikanawakwana, anamanga nkhokwe zamtundu wina, Bigtable ndi Dynamo, ndipo cha mu 2009 dzina lakuti NoSQL linali pakamwa pa aliyense. Ambiri anasiya matebulo ndi transaction pofuna liwiro, n'kupeza kuti ntchito yoonetsetsa kuti ziwerengero zikugwirizana yagwera wolemba mapulogalamu, monga zinalili m'masiku a Bachman. Google yomweyo inabwerera ndi Spanner, imene inalengezedwa mu 2012, yokhala ndi transaction ndipo pambuyo pake SQL yomwe. Chaka cha 2009 chomwecho Amazon inayamba kubwereketsa database pa intaneti kudzera mu RDS: iwo asamale makina, zigamba ndi backup, iwe ungolipira pamwezi. Apanso kunamveka kuti DBA watha ntchito.

Kwathu kuno nkhani imeneyi si yachilendo monga imamvekera. Ziwerengero za zipatala zimene Unduna wa Zaumoyo ku Malawi umasonkhanitsa kudzera mu DHIS2, pulogalamu yochokera ku University of Oslo, zimakhala mu PostgreSQL. Ndipo nkhani ya Cashgate ya mu 2013 ili ndi mbali imene DBA aliyense angaizindikire msanga. Ofufuza a Baker Tilly anapeza kuti ndalama zinkalipidwa kudzera mu IFMIS, makina a boma oyendetsera chuma, kupita ku makampani amene sanapereke katundu aliyense, kenako zolembedwa za malipirowo zinkafufutidwa. Mafunso ake ndi a GRANT ndi REVOKE omwe aja: ndani anali ndi chilolezo cholemba, ndani chofufuta, n'chifukwa chiyani anthu amodzimodzi anali ndi zonse ziwiri, ndipo ndani ankawerenga buku losonyeza amene wakhudza chiyani.

Pa 31 January 2017 kampani ya GitLab, imene imasungira anthu ambirimbiri mapulogalamu awo, inaonetsa dziko m'mene usiku woipa wa woyang'anira database umaonekera. Katswiri wawo wina, atatopa ndi kulimbana ndi seva yachiwiri imene inkatsalira m'mbuyo pokopera za seva yaikulu, anaganiza zofufuta zonse pa yachiwiriyo kuti ayambirenso. Lamulo lofufutalo analilemba pa windo lolakwika. Pamene ankazindikira n'kuliimitsa, pa magigabaiti pafupifupi 300 a seva yaikulu panali patatsala osakwana asanu. Anatembenukira ku backup. Anali ndi njira zisanu, ndipo pa pepala zinkaoneka zokwana. Ina inali itasiya kugwira ntchito mwakachetechete chifukwa chida chokopera chinali cha PostgreSQL yakale pamene database inali yatsopano, ndipo makalata ochenjeza za kulepherako sankafika kwa munthu. Ina inali isanayatsidwe n'komwe pa maseva a database. Chinawapulumutsa ndi kope limene katswiri yemweyo anajambula ndi dzanja maola asanu ndi limodzi m'mbuyomo pa chifukwa china. Anabwezeretsa kuchokera pamenepo, anthu zikwizikwi akuonerera pa YouTube, ndipo ntchito ya maola asanu ndi limodzi ya makasitomala inapita. M'lipoti lawo sanaloze chala munthuyo. Analemba kuti panalibe amene anapatsidwa udindo woyesa ngati backup ikubwezeretsekadi, ndipo anasankha woti aziyesa.

Lero ambiri ogwira ntchitoyi satchedwanso DBA. Ena amatchedwa mainjiniya a data, ena a zodalirika kwa makina, ndipo disiki yeniyeni sanaigwirepo ndi dzanja. Amayang'anira maseva mazana ndi malamulo olembedwa kamodzi, amawerenga bilu ya mwezi ya Amazon kapena Microsoft kufufuza funso limodzi lolembedwa moipa limene ladya ndalama, amakonzekera kusamuka chifukwa PostgreSQL imatulutsa mtundu watsopano chaka chilichonse n'kuusamalira zaka zisanu zokha. Amayang'anabe njira imene makina asankha poyankha funso, ndi lamulo lotchedwa EXPLAIN, kuona ngati mdzukulu wa makina a Selinger wasochera. IMS nayo, imene Codd ankafuna kuilowa m'malo, sinafe: IBM ikuigulitsabe, ikuyendabe m'mabanki ndi m'makampani akuluakulu a inshuwalansi, ndipo ambiri mwa amene amadziwa njira zake za kholo ndi ana ali pafupi kupuma pantchito.